Fomu ya Tchuthi Inkafuna Dzina la Matenda

Magazi ndinawaona koyamba Lachiwiri lina m'mawa, m'nyengo ija dzuwa limatiwotcha kuno kuchigwa mvula isanagwe. Anali ochepa, pa pepala lomwe ndinadzipukutira, osakanikirana ndi zoterera ngati mamina. Ndinayang'ana kamodzi, n'kuponya pepalalo m'dzenje, n'kupita kukaliza njinga yamoto. Tsiku limenelo ndinali ndi alimi ondidikira m'midzi itatu, ndipo ndinadziuza kuti mwina ndi tsabola wa dzulo.

Dzina langa ndine Luwiza. Ndine mlangizi wa zaulimi m'bungwe lina laling'ono lomwe limathandiza alimi a m'madimba, makamaka aja minda yawo imakokoloka madzi akasefukira. Ofesi yathu ndi zipinda ziwiri pa tawuni ina ya m'mbali mwa msewu wopita ku Nsanje, koma mabwana aakulu amakhala ku Blantyre. Midzi yanga yambiri inali tsidya lina la Shire, dera la Mlolo, ndipo ina inali m'mphepete mwa dambo la Elephant Marsh. Ndinkanyamuka mbandakucha, n'kubwerako dzuwa litapendeka. Ntchitoyi ndinkaikonda kwambiri, ndipo ndikunena izi poyamba chifukwa pambuyo pake anthu ena anaganiza kuti ndikuithawa.

Patatha milungu iwiri, m'mimba munayamba kupotokola kumanzere, m'munsi mwa mchombo. Kuchimbudzi ndinkapita kasanu patsiku, kenako kasanu ndi kawiri. Chovuta sichinali kuchuluka kwa maulendowo ayi, koma kuti chimbudzi chikandigwira sichinkandipatsa mpata. Chikangoti bwera, ndiye kuti ndi pompo. Ndikatuluka ndinkamvabe ngati sindinamalize. Ndinayamba kuimitsa njinga pa makomo a anthu osawadziwa n'kumapempha chimbudzi, ine wovala malaya a bungwe, wobwera kudzaphunzitsa anthu. Ena ankandilozera mwaulemu. Ena analibe chimbudzicho chifukwa chinagwa ndi madzi a chaka chatha.

Kuchipatala chaching'ono cha kwathu anati ndi kamwazi. Anandipatsa mapiritsi a masiku asanu. Ndinamwa onse, magazi anachepa pang'ono, kenako anabwereranso. Ulendo wachiwiri anandifunsa ngati ndimaponda m'madzi. Ndinati ntchito yanga ndi ya m'madimba, m'madzi ndi momwe ndimakhala. Anati ndi likodzo la m'matumbo, ndipo ndinameza mapiritsi aakulu owawa aja pamaso pawo. Ulendo wachitatu anati njoka za m'mimba. Ulendo wachinayi ndinapeza dokotala wina watsopano amene sanawerenge n'komwe masamba akale a m'buku langa la kuchipatala, ndipo anandilemberanso mankhwala a kamwazi omwe aja.

Thupi linayamba kutha. Siketi zinkazungulira m'chiuno. Magazi ndinayezetsa katatu kufufuza kachilombo ka HIV, kamodzi limodzi ndi amuna anga a Domingo, omwe ndi kalipentala. Katatu konse sanakapeze, koma aliyense amene ndinkakumana naye kuchipatala ankandiyang'ana m'khosi momwe munalowa, n'kunena kuti tiyezenso kuti titsimikize. Anayeza makhololo kufufuza chifuwa chachikulu. Anayeza chimbudzi kangapo. Zonse zinkabwera zopanda kanthu, ndipo ine ndinkabwerera kunyumba ndi buku lodzaza zolemba, m'mimba mukupotokolabe.

Ku ofesi sindinauze munthu. Matenda a mutu kapena malungo umatha kuwanena pagulu, koma awa umayambira pati? Komabe anthu anaona okha. Mvula itayamba kunamveka za kolera m'midzi ina, ndipo kapu yanga ya tiyi inayamba kupezeka payokha pawindo, kutali ndi zinzake.

Chimene chinandikakamiza kulankhula chinachitika pamtsinje. Msewu unali utaduka, choncho ndinasiya njinga padoko n'kukwera bwato limodzi ndi alimi asanu ndi mmodzi ndi matumba a mbewu. M'mawa umenewo sindinadye kanthu dala. Tili pakati penipeni pa Shire, madzi ali ofiira ndi matope, m'mimba munandigwira. Ndinafinya miyendo, ndinaluma mlomo, thukuta linatuluka. Kutsogolo kunali kutali, kumbuyo kunali kutali, ndipo m'madzi amenewo munthu salowamo chifukwa cha ng'ona. Ndinadziipitsira pomwepo, nditakhala pa thumba la mbewu, pamaso pa anthu amene ndinawaphunzitsa kwa zaka zisanu ndi chimodzi.

M'bwatomo munali Mayi Semba, mayi wachikulire amene ankatsogolera gulu la alimi a m'mudzi womwe tinkapita. Anamasula chitenje chawo chapamwamba n'kundikulunga nacho, ndipo anauza wopalasa bwato m'Chisena kuti ayang'ane kutsogolo komwe akupita. Titafika anandiperekeza kubafa la kwawo, nanditungira madzi okha. Nditatuluka ndikulira anandiuza kuti, "Manyadzo nkhabe, mwananga, palibe cha manyazi. Thupi ndi thupi. Koma magazi amene ndaona pa nsalu paja si a mankhwala a kuno. Kwerani kumtunda."

Mawa lake ndinalowa mu ofesi ya a Khembo, omwe ndi mkulu wathu pano, n'kuwapempha tchuthi chodwala. Ndinafotokoza mozungulira, ndikuyang'ana pansi. Iwo anamvetsera akusanthula mapepala.

"Ndiye kuti ndi kutsegula m'mimba basi?" anandifunsa. "Mayi, kuno ndani sanatseguleko m'mimba? Madzi athuwa mukuwadziwa. Mbewu ikuyenera kufika kwa alimi mwezi uno."

A Khembo si munthu woipa. Nawonso ankaimbiridwa foni kuchokera ku Blantyre tsiku ndi tsiku. Anandipatsa fomu n'kunena kuti ikadzazidwa bwino aitumiza. Fomuyo inali ya tsamba limodzi. Inali ndi mzere wolembapo dzina la matenda, mzere wina wa tsiku lodzabwerera ku ntchito, ndi malo a chidindo cha dokotala. Tsamba limodzi limeneli linandizunza kwa miyezi inayi.

Kuchipatala chaching'ono analemba kuti kutsegula m'mimba, apume masiku atatu. Ndinapuma masiku atatuwo, lachinayi ndinakweranso njinga. Nditapita kuchipatala chachikulu cha m'boma lathu ndi fomu ina, dokotala anandiuza mosabisa kuti, "Mayi, ndikuona kuti mukudwala, koma sindingalembe matenda omwe sitinawapeze. Ndingolemba kuti tikufufuza." Fomu imeneyo inapita ku Blantyre n'kubwerako patatha milungu iwiri ndi kakalata kakuti mawu oti tikufufuza si dzina la matenda. Ndinawerenga kakalatako nditaima pakhonde la ofesi, ndipo ndisanamalize ndinathamangira kuchimbudzi. Kuti ndipatsidwe nthawi yokafufuza matenda, pankafunika kuti matendawo akhale atapezeka kale. Ndinamaliza masiku anga onse a tchuthi cha pachaka ndikuyendera zipatala, kenako ndinayamba kujomba.

Dokotala wa m'boma uja ndi amene anandilembera kalata yopita kuchipatala chachikulu cha kumtunda, ku Blantyre. Pa ulendo wa minibasi wochokera kuno kukwera phiri la Thabwa, munthu wabwinobwino amangodandaula za kutentha ndi kupanikizana. Ine ndinkasiya kudya dzulo lake masana, ndipo ndinkavala thewera la akuluakulu lomwe a Domingo anakandigulira ku famase, akunamizira kuti ndi la mayi awo. Tili m'makhotakhota a phirilo ndinapempha dalaivala kuti aime. Kondakitala anayankha kuti pano sitiima, mupirire tifike pamwamba. Thewera linagwira ntchito yake.

Kuchipatala chachikulu ndinaphunzira kudikira. Unkafika kunja kusanache bwino n'kupeza mabenchi atadzaza kale. Buku lako linkatengedwa n'kuikidwa pa mulu, ndipo kuyambira pamenepo sunkachoka, kuopa kuti dzina lako lingaitanidwe uli kwina. Kwa ine izi zinali nkhondo, chifukwa chimbudzi chinali kumapeto kwa khonde lalitali. Tsiku loyamba anandiitana ndili komweko, ndipo buku langa linabwezedwa pansi pa mulu. Nditalowa madzulo, dokotala anati pakufunika kuona m'matumbo ndi kapaipi kokhala ndi kamera, koma anthu odikira ndi ambiri. Anandipatsa tsiku la milungu isanu ndi umodzi kutsogolo.

Ndinatsika, ndinagwira ntchito momwemo, ndinakweranso. Ndinagona kwa msuweni wanga, ndinamwa botolo lonse la mankhwala otsuka m'mimba monga anandiuzira, ndinafika m'mawa. Cha m'ma leveni namwino anatuluka n'kutiuza kuti kwabwera odwala mwakayakaya, ife enafe tibwerenso pakatha milungu itatu. Mayi wina wa ku Mwanza amene anakhala pafupi nane anangomanga chitenje chake n'kunyamuka. Ine ndinakhala pabenchipo kwa nthawi yaitali. Ndinalibe mphamvu zoyendera, ndipo ndinalibe munthu woti ndimukalipire, chifukwa namwinoyo sanalakwe, ndipo odwala mwakayakayawo sanalakwenso.

Ulendo wachitatu zinatheka. Nditatsitsimuka, dokotala wamkazi anandiitana pamodzi ndi a Domingo, nationetsa zithunzi. M'kati mwa matumbo anga aakulu munali mofiira, modzaza tizilonda.

"Si kamwazi, si likodzo, si kachilombo, ndipo simungapatsire munthu," anatero. "Chitetezo cha thupi lanu chikulimbana ndi matumbo anu omwe. Chifukwa chake sitichidziwa bwinobwino. Matendawa satha, koma amagona. Ntchito yathu ndi kuwagoneka, ntchito yanu ndi kusawadzutsa."

Anatchula dzina lalitali lachizungu, lomwe ine ndimangolidula kuti kolaitisi. A Domingo anafunsa kuti m'Chichewa amati chiyani. Dokotala anati palibe, mungonena kuti zilonda za m'matumbo zokhalitsa. Ndisanafunse za mankhwala, ndisanafunse ngati ndidzafa nawo, ndinatulutsa fomu m'chikwama. Inali itapindikapindika. Analemba dzinalo, analemba miyezi itatu, anadinda. Ndikakumbukira lero ndimadzimvera chisoni kuti munthu atauzidwa kuti ali ndi matenda osatha, chimene chinamusangalatsa chinali chidindo.

Tchuthi chinavomerezedwa. Ndinkaganiza kuti mavuto athera pamenepo.

Anandipatsa mankhwala a mitundu iwiri. Ena anali mapiritsi aakulu achikasu omwa tsiku lililonse mpaka kalekale. Ena anali ting'onoting'ono toyera, tozimitsa kutupa msanga, toyenera kuchepetsedwa pang'onopang'ono mlungu ndi mlungu. Toyerato tinagwira ntchito. Pa milungu iwiri magazi anasiya, maulendo a kuchimbudzi anatsika kufika anayi. Koma tinanditupitsa masaya, tinandipatsa njala ya fisi, ndipo mtima unkangopsa ndi zinthu zazing'ono. Ana anga awiri anayamba kundiyenda patali. Zakudya ndinkachita kusankha ngati mwana wakhanda. Nyemba, thobwa, tsabola, mkaka, chimanga chootcha, masamba osapsa bwino, zonsezi zinkandidzutsira ululu. Ndinkakhalira phala losalala, mbatata yophika ndi nsomba za makakana zowiritsa zopanda mafuta.

Foni ya ku ofesi sinasiye kulira. Mayi, lipoti la mbewu lija lili pati? Mayi, alimi a gulu lakuti akukana kulankhula ndi munthu wina, tawaimbirani. Mayi, mungobwera ola limodzi lokha, kukubwera alendo. Ndinkayankha ndili chigonere pamphasa, nthawi zina ndili m'chimbudzi. Sindinkakana, chifukwa ntchito yathu ndi ya kontilakiti ya chaka chimodzi, ndipo yanga inkatha miyezi iwiri kutsogolo.

Achibale nawo anabwera ndi zawo. Apongozi anga anamva mawu oti madokotala sakudziwa chifukwa chake, ndipo kwa iwo nkhani inathera pomwepo. Anati ku ntchito kuli wina amene akufuna njinga yanga. Anapeza kale sing'anga wa tsidya la malire, kupitirira Marka, ndipo anati tinyamuke Loweruka. Nditakana mwaulemu anauza a Domingo kuti mkazi wanu sukulu yamulowa m'mutu, adzafa ndi mapepala m'manja. Anakhala mwezi wathunthu osaponda pakhomo pathu. Amayi a kumpingo ankabwera kudzapemphera nane, ndipo zimenezo zinkandilimbikitsa, koma mmodzi anatsalira tsiku lina n'kundinong'oneza kuti kumwa mapiritsi utapemphereredwa n'kukayikira Mulungu. Aliyense ankadziwa chochita ndi matumbo anga.

Chimene chinandigwetsa chinali chaching'ono. Tsiku lina ndikumva bwinoko ndinapita kumsika kukagula nsomba. Mnzanga wina wa ku ofesi anandiona, natamanda masaya angawo. Patatha masiku awiri a Khembo anaimba.

"Mayi, tamva kuti mwachira, mpaka mwanenepa. Tikuthokoza Mulungu. Kungoti ku Blantyre akufunsa mayina a anthu oti makontilakiti awo apitirire, ndiye ine ndimafuna ndidziwe kuti ndilembe chiyani za inu."

Sanandiuze kuti ndibwerere. Sindingawanamizire. Koma ndinamva chimene chinali kuseri kwa mawuwo, kapena ndinaganiza kuti ndamva. A Domingo anandiletsa. Anati dokotala analemba miyezi itatu, ndipo matebulo omwe amakhoma atha kutidyetsa. Ndinawakalipira kuti iwo sakudziwa momwe ntchito imasowera kwa munthu wamkazi kuno. Lolemba lotsatira ndinakwera njinga, nditangopuma milungu isanu ndi umodzi.

Nthawi yomweyo mapiritsi achikasu anali atandithera. Komwe ndinkayembekeza kuwapeza kufupi kuno anati mankhwala amenewa sasunga, ndi a kumtunda. Kukwera kumtunda kunkafuna masiku awiri, ndipo ine ndinali nditangobwerera kumene ku ntchito, sindinkafuna kupemphanso. Ndinati ndidzapita mwezi ukatha. Toyera tija tinali titatsala pang'ono, ndinangotimaliza msanga n'kusiya. Madzi anali ataphwera m'madimba, alimi akubzala, ntchito ili pachimake.

Thupi linandipirira masiku khumi ndi awiri. Magazi anabwerera, osati a pa pepala ayi, koma ochita kutsanuka. Ndinkapita kuchimbudzi koposa kakhumi ndi kasanu pa tsiku, mfundo za m'mawondo zikuphwanya, thupi likutentha. Ndinabisa ngakhale kwa amuna anga, chifukwa ndinkachita manyazi poti anali atandiletsa. Tsiku lomaliza ndinali m'munda wa chitowe, ndikuonetsa alimi kapatuliridwe. Ndinawerama kuti ndizule mbande, ndipo podzuka ndinaona mdima. Ananditengera pa ngolo ya ng'ombe mpaka kuchipatala chaching'ono, ndipo kuchoka pamenepo ambulansi inandikweza phiri lomwe ndinkalizemba lija.

Ndinagona m'wodi masiku khumi ndi limodzi. Anandiika madzi a m'mabotolo, anandibaya jakisoni wa mumtsempha m'mawa ndi madzulo, ndipo anandiwonjezera magazi kawiri. Mlamu wanga, mng'ono wa a Domingo, anakwera kudzapereka ake. Moyo wa m'wodi uli ndi ndondomeko yake. Kusanache okolopa amalowa ndipo odikirira odwala amatulutsidwa ndi mphasa zawo. Kenako kuyeza kutentha kwa thupi, kenako phala, kenako kudikira madokotala amene amafika gulu, n'kuima kumapazi kwa bedi, n'kumakambirana za iwe m'Chizungu. Namwino anandipatsa pepala loti ndizilemba ulendo uliwonse wa kuchimbudzi, ndi kuti magazi anali ochuluka bwanji. Masiku atatu oyamba sindinkatha kufika kuchimbudziko. Mchemwali wanga wamkulu, amene anasiya geni yake ya tomato kudzandidikirira, ndi amene ankanyamula beseni.

Dokotala wamkazi uja anandizindikira. Anawerenga buku langa mwakachetechete, kenako anandifunsa kuti mankhwala ndinasiya liti, ndi kuti ndinali kuti pamene ndinagwa. Nditamuuza anatseka bukulo.

"Mayi, miyezi itatu ija sindinalembe pofuna kukusangalatsani. Mukanachedwa masiku ena awiri, bwenzi tikukamba zodula matumbo. Mapiritsi ang'onoang'ono aja sasiyidwa mwadzidzidzi. Ndikulemberaninso miyezi itatu, ndipo tiyambira poyamba."

Ndinatembenukira kukhoma. Ndinali wokwiya ndi ofesi, ndi fomu ija, ndi mnzanga wa kumsika uja, koma koposa ndinali wodzikwiyira ndekha. Ndinamenyera tchuthi chimenecho miyezi inayi, ndipo nditachipeza ndinachibweza ndi manja anga.

Tsiku lachisanu ndi chitatu a Khembo anabwera kudzandiona, atabwera ku msonkhano mumzindamo. Anaima pafupi ndi bedi atanyamula botolo la sobo, lomwe sindikanatha kumwa. Anayang'ana mkono wanga wodzaza mabala a jakisoni, anayang'ana beseni lomwe linali pansi pa bedi.

"Sindinkadziwa kuti zafika apa," anatero. "Munkaoneka bwinobwino."

"Bwana, matendawa ali m'kati," ndinawayankha. "Ndinakuuzani pakamwa, munati ndi madzi. Ndinabweretsa chidindo, munakhulupirira masaya. Ndikanakuonetsani chiyani china?"

Mchemwali wanga anandiletsa ndi maso kuti ndisalankhule choncho kwa bwana, koma mawu anali atatuluka kale. Potsanzikana a Khembo anati fomu yatsopanoyo aitenga okha kupita nayo ku likulu la bungwe, ndipo anachitadi zimenezo.

Tchuthi chachiwiri ndinachichita mosiyana. Nditangotuluka m'chipatala ndinatumiza makiyi a njinga, mabuku a magulu onse ndi manambala a alimi otsogolera ku ofesi. Ndinalemba kakalata kakuti mpaka tsiku lolembedwa pa fomu sindiyankha foni ya ntchito. Mlungu woyamba inalira kangapo, ndinkangoiyang'ana. Kenako inasiya. Ndinamwa mankhwala monga analembera, ndikuchonga pa kalendala ya kumpingo. Ndinkayenda pang'ono m'mawa mpaka pa mjigo n'kubwerera. Masiku anali aatali, ndipo sindinganame kuti ndinapeza mtendere. Ndinkamva njinga zamoto zikudutsa pamsewu n'kumaganiza za madimba anga, ngati anapatulira, ngati mbozi zalowa m'chimanga. Kwa miyezi iwiri sindinadziwe ngati ntchito ndikadali nayo.

Kontilakiti inabwera, koma yosinthidwa. Midzi yanga anaipereka kwa mlangizi wina. Ine anandiika pa nazale ya mitengo ndi dimba lachitsanzo lomwe lili kuseri kwa ofesi, pamodzi ndi ntchito yolemba malipoti. Anati atsatira malangizo a dokotala oti ndisamayende maulendo ataliatali padzuwa. Ndikudziwa kuti n'zoona, ndipo ndikudziwa kuti ena akanangochotsedwa. Komabe tsiku lomwe ndinaona munthu wina akuliza njinga yanga ndinalowa m'nazale n'kukhala pakati pa machubu a mbande mpaka mtima utatsika. Alimi a tsidya lija tsopano ndimawaona akabwera ku maphunziro, kawiri kapena katatu pa chaka.

Papita zaka ziwiri. Thupi linabwerera, masaya anaphwa. Kuchimbudzi ndimapita kawiri kapena katatu patsiku, popanda magazi. Matendawa anadzukapo kamodzi chaka chatha m'nyengo yotentha, ndipo tsiku lachiwiri lomwe ndinali kale pa minibasi, sindinadikire kugwa. Ndinapuma milungu itatu, fomu inadutsa popanda funso chifukwa tsopano dzina lilipo. Miyezi itatu iliyonse ndimakwera kukaonana ndi dokotala ndi kukatenga mankhwala, ndipo ndimapita akadalipo a milungu iwiri. Nthawi zina ndimapeza kulibe, n'kuyamba kuzungulira m'mafamase a mumzinda. Zimenezi zimanditopetsa mpaka lero. Apongozi anga timayenderana, ngakhale amakhulupirirabe kuti chinandichiritsa ndi mizu yomwe anakwirira pakhomo pathu ine ndili m'chipatala. Sinditsutsana nawo.

Ndalemba izi chifukwa pamabenchi aja ndakumana ndi anthu ambiri ochokera kuchigwa kuno, odula nzimbe, aphunzitsi, amayi a geni, amene akhala chaka kapena ziwiri akumwa mankhwala a kamwazi mobwerezabwereza. Ambiri amafika mochedwa chifukwa cha manyazi omwe ndinali nawo ine. Mukaona magazi m'chimbudzi, pitani kuchipatala mlungu womwewo, ndipo mukanene zonse momwe zilili, osazungulira. Sungani buku limodzi la kuchipatala, ndipo dokotala akakhala watsopano mupempheni awerenge masamba akale. Mankhwala akalephera kawiri, funsani mwaulemu kuti akutumizeni kokaona m'kati. Ku ntchito nenani msanga, ndipo sungani kope la pepala lililonse lomwe mwapereka.

Ndipo dokotala akakulemberani masiku opuma, pumani onse, ngakhale anthu akuoneni kumsika mukuseka. Ine ndinabweza milungu isanu ndi umodzi poopa kutaya midzi yanga. Midziyo ndinaitayabe, ndipo ndinatsala pang'ono kutaya ndi matumbo omwe.